Mbewu ya Nkhono pa Dzuwa

Chilumba cha Nomi,
12 Febuluwale 1967

Amake Michiyo,

Ndikhulupirira muli bwino kumtundako pamodzi ndi mwana wathuyo, ndipo bondo lanu lija lasiya kuvuta. Ine kuno ndili gwa. Zala zokha ndi zimene zang'ambika ndi madzi a mchere, koma chala cha munthu wootcha makala sichidandaula zazing'ono.

Ndatumiza ndalama zokwana mayeni 12,000 pa positi. Mumugulire Michiyo nsapato za mphira, zija za 600, osati zotchipa zong'ambika chipale chisanasungunuke. Otsalawo asungidwe a feteleza wa mpunga. Chipale cha padenga musakwere nokha kukachotsa, muwauze achimwene anu.

Mwafunsa kuti ntchito yake ndi yotani. Ndi nkhono basi, zija za m'nyanja amati oyisitara. Zimalendewera pa mawaya pansi pa maphaka a nsungwi, waya aliyense kutalika kwake kuposa nyumba yathu kawiri. Amunafe timazivuula ndi boti, kuzitsuka, n'kuzikhuthulira pa tebulo la amayi, iwo n'kumatsegula ndi kampeni kokhota. Wamkulu wa amayiwo ndi mayi Haruno, amene amatsegula nkhono zikwi zinayi pa tsiku pakamwa pawo pasanatseke n'kamodzi komwe. Andipatsa dzina lakuti a Makala. Tsiku loyamba ndinasanza m'boti, ndiye mpaka lero akandiona amati, "A Makala, nsomba zanu zija zikudikira, lero muzipatsa chiyani?" Ine ndimangoseka. Munthu amene anayang'anira uvuni zaka makumi awiri ndi zitatu, wodziwa kupsa kwa nkhuni pongoona mtundu wa utsi, sangakwiye ndi amayi oti sanakwerepo phiri.

Dzulo mayi omwewo anatunga madzi amatope m'mabeseni awiri, lina n'kuikamo nkhono khumi. Pamene timamaliza kudya, beseni la nkhono linali mbee, mpaka ndinkaona dzimbiri la pansi, linalo likadali bii. Akuti nkhono imodzi imasefa madzi odzaza bafa lathu pa tsiku, ikudya tizinthu tosaoneka timene mtsinje umabweretsa. Ndipo mtsinje wake ndi wathu womwewo wa Ota. Ndinawauza kuti, "Ndiye kuti nkhono zanuzi zakhala zikudya masamba a phiri langa zaka zonsezi osathokoza." Anati ndikazifunse malipiro ndekha.

Tsono nkhani yeniyeni ndi iyi. Mwini maphakawa, bambo Okimoto, amatibweza tonse a ntchito ya m'nyengo yozizira mu Epulo. Koma chaka chino akufuna mmodzi wotsala, woyang'anira mbewu ya nkhono, ndiko kuti tiana take, chaka chonse, chifukwa mkulu amene ankagwira ntchitoyo msana wamukana. Ameneyo ndikufuna ndikhale ine. Mukudziwa nokha kuti makala anatha ntchito, aliyense akuphikira gasi, ndipo ine sindingakhale pakhonde n'kumakuyang'anani mukulima. Ndikufuna ndikhalenso munthu wa ntchito yodziwika dzina.

Ndine wanu,
Tokuichi Nagami

9 Julayi 1967

Amake Michiyo,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti kuwokera mpunga munamaliza bwino ndipo chifuwa cha Michiyo chatha. Ine ndili bwino, ndada ngati katundu wanga wakale uja.

Auzeni achimwene anu, amene ankati ndidzabwera mu Epulo nditanyamula bulangete lokha, kuti pa amuna asanu ndi mmodzi bambo Okimoto anasankha ine. Anandiona ndikumanga nsungwi za phaka, n'kukoka mfundo yanga kawiri, n'kunena kuti, "Mutsale." Bamboyo mawu amachita ngati amagula kusitolo. Mayeni 14,000 ali m'njira. Mukonzetse mpope wa kukhitchini.

Kuno nkhono zaswa. Madzi akafunda zimalavula mazira, nyanja n'kuoneka ngati wina wathiramo madzi otsukira mpunga. Tiana take timasambira masabata awiri tisakuoneka, kenako timafuna poti timate. Ife timamiza zigoba zopyapyala zonga timbale, zotungidwa pa waya. Kamwana kakamata pa chigoba, kamata, sikadzasunthanso moyo wake wonse. M'mawa uliwonse timavuula chigoba chimodzi n'kumayang'ana ndi galasi lokulitsa, ndipo tsopano diso langa limaona timadontho timeneti msanga kuposa la bambo Okimoto, ngakhale iwo sanavomere. N'tochepa kuposa njere ya chitowe.

Mukanaona pansi pa phaka. Ndi mudzi ndithu. Ndere zamera pa mawaya, nkhanu zikukwera ndi kutsika, tinsomba tabisala m'mipata ya zigoba, ndipo nsomba zakuda zazikulu zimazungulira ngati anthu ofuna kuba. Madzi a pamenepo ndi oyera mpaka udzu wa pansi pa nyanja umamera. Mayi Haruno akuti nkhono imene ili yaimuna chaka chino ikadya bwino imatha kukhala yaikazi chaka chamawa. Anandiyang'ana pamimba n'kunena kuti, "A Makala, samalani, mwayamba kunenepa."

Chimodzi chokha sindikuchimvetsa. Mbewu ikamata, timaichotsa pa phaka n'kukaikoloweka pa mathandala a m'mphepete, malo oti nyanja ikaphwera pamatsala matope okhaokha. Kawiri pa tsiku timakhanda timeneti timakhala poyera maola angapo, popanda dontho la madzi. Ndinafunsa chifukwa chake. Yankho linali lakuti, "Zisiyeni choncho."

Zimenezi zandikumbutsa munda. Mwezi uno ndi uja mumayamba khalidwe lanu lotseka ngalande yolowetsa madzi n'kuumitsa munda mpaka nthaka kung'aluka. Chonde chaka chino ayi. Mpunga ndi chomera cha m'madzi. Ndikudziwa mudzati bambo anu ankatero, koma bambo anu ankanenanso kuti wailesi imaitana mphezi. Ine sindili kumeneko kuti ndiziona, ndiye ndikudalira inu.

Wanu,
Tokuichi

3 Seputembala 1967

Amake Michiyo,

Ndili bwino, kaya inu ndi mwana. Zikomo polambula manda a makolo anga pa Obon, masiku atatu aja okumbukira akufa. Pepani sindinabwere, koma mukamva chifukwa chake munyada. Onse anapita kumanda a kwawo, ndipo mathandala onse makumi awiri, boti ndi makiyi a shedi anasiyira ine. Munthu wa miyezi khumi yokha pano.

Masiku atatu amenewo nyanja inkaphwera masana enieni, dzuwa lili paliwombo. Matope ankanunkha. Ndinagwira chigoba chimodzi, chinandiotcha ngati chivundikiro cha poto, timakhanda tili pamenepo titatseka pakamwa zii. Mtima unandipweteka, sindibisa. Ndiye ndinapita ku mathandala anayi a kumapeto, kuseri kwa thanthwe kumene bambo Okimoto safikako kawirikawiri, n'kutsitsa mawaya onse kuti nyanja ikaphwera azitsalabe m'madzi. Inali ntchito ya tsiku lathunthu, matope akulekeza m'ntchafu.

Mukanaona lero. Mbewu ya pa mathandala angawo ili ngati chikhadabo cha chala chachikulu, pamene inzake ikadali ngati mphodza. Anthu a kunyanja kuno amangotsata za makolo osafunsa, ndiye nthawi zina pamafunika munthu wa kumapiri woti aziona zinthu ndi diso lina. Sindinauze aliyense. Bambo Okimoto adzayendera mbewu yonse mu Okutobala, ndipo ndikufuna ndidzaone nkhope yawo akadzafika kuseri kwa thanthwe.

Ndakuonerani chijasi chaubweya pa sitolo ya pa doko, chamtundu wa biringanya, cha mayeni 4,800. Ndawauza asachigulitse. Otumiza ndi 14,000 monga mwa masiku onse. Udzu wa m'mizere mumwete msanga nguluwe zisanapeze pobisala.

Wanu wonyada,
Tokuichi

5 Novembala 1967

Amake Michiyo,

Ndili moyo. Ndikhulupirira inunso muli bwino.

Mwezi uno ndatumiza 9,000 okha. Andisintha ntchito pang'ono, tsopano ndili ku mulu wa zigoba, ndimaphwanya zopita kwa oweta nkhuku. Ndi ntchito yabwino, ya pamtunda, munthu sachita chizungulire. Za chijasi zija tidikire kaye, ndaona kuti mtundu wake sungakukhaleni bwino.

Kalata yanu ya mu Seputembala ndinailandira nthawi yomweyo. Zija munalemba za ngalande sindikuona kuti zikukhudzana bwanji ndi nkhono. Ndipo anakuuzani ndani kuti ndinali ine? Nkhanu za m'munda nazo zimaboola mizere.

Mwati mpunga wachuluka matumba awiri kuposa chaka chatha, ndipo mphepo yamkuntho sinaugwetse pamene wa anzathu unagona. Chaka chino mvula inagwa bwino, n'chifukwa chake.

Achimwene anu akafunsa, muziti ntchito ikuyenda. Pa Chaka Chatsopano mwina sindibwera.

Tokuichi

21 Januwale 1968

Amake Michiyo,

Moni. Makeke a mpunga munatumiza aja anafika, ndadya ndekha osagawira munthu. Mumuuze Michiyo kuti kalata yake ndaisunga m'thumba la pachifuwa. Inu mwalemba mizere itatu yokha, ndipo wachitatuwo ukuti, "Nenani zimene zinachitika." Chabwino, ndinena.

Tsiku loyendera mbewu ndinavala malaya ochapa. Titafika kuseri kwa thanthwe ndinavuula waya woyamba ndekha, ndipo kulemera kwake kunandisangalatsa. Utatuluka m'madzi ndinaona kuti cholemeracho si nkhono. Zinali tizigoba toyera tomamatira tija, nkhono zakuda za mtundu wina, nyongolotsi, ndi matope. Mbewu yanga yaikulu ija inali itayasama pakamwa, m'kati mulibe kanthu. Yotsala yamoyo bambo Okimoto anaifinya ndi zala ziwiri, inaphwanyika ngati chigoba cha dzira. Mawaya onse a mathandala anayi anali chimodzimodzi.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pa thanthwe n'kuyankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinawamva chaka chonse. Anati, "A Nagami, dzuwa lija ndi mlonda wa mbewuyi. Limapha tizilombo tonseti, iyo imangotseka pakamwa n'kupirira. Ikamatseka choncho tsiku ndi tsiku, mnofu wotsekera umalimba, chigoba chimakhuthala, yofooka imafa ikadali yaing'ono isanadye malo a inzake. Inu mwaidyetsa osapuma, yakula yofewa, nkhanu ndi nsomba zachita phwando. Chifundo chinapha nkhwali." Mathandala anayi ndi mbewu ya maphaka atatu. Maphaka atatu adzakhala opanda kanthu, ndipo amayi awiri a patebulo sadzaitanidwa nyengo ikubwerayi. Ndikawaona ndimayang'ana kumbali. Pomaliza anati ndigwire ku mulu wa zigoba mpaka Epulo, kenako ndizipita.

Ndakhala miyezi itatu ndi fosholo, mtima uli phuliphuli, ndikukwiyira nkhanu, dzuwa, ngakhale inu. Lachiwiri lapitali ndinatopa nazo. Ndinalowa mu shedi nthawi ya chakudya, ndinavula chipewa, n'kuwauza bambo Okimoto kuti, "Musanandichotse, imvani kalata ya mkazi wanga, imene inafika mbewu ija ikadali yamoyo." Ndinaiwerenga mokweza, amayi onse akumva. Mukukumbukira zimene munalemba?

"Mpunga ukaumitsidwa mizu imatsika kukafuna madzi, ndiye mphepo siugwetsa. Zaka makumi awiri ndakhala ndikutseka ngalande m'mawa, masana n'kuipeza yotsegula, mapazi ake a nsapato zanu. Ndinkangotsekanso. Pitani mukakweze mawaya a eniakewo lero lomwe."

Bambo Okimoto anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinali ndisanaonepo mano awo. Anati, "Ndiye munachita chiyani mutawerenga?" Ndinati ndinaipinda. Anati, "Tumizani mayiwo kuno, inu mupite mukalime." Mayi Haruno anati, "Ayi, akaononga mundawo, angotumiza mayiwo basi," ndipo apempha keyala yanu. Ndinaima pamenepo makutu akundiotcha ndi manyazi, koma chodabwitsa n'chakuti ndinkanyada. Palibe wina mu shedi monsemo amene ali ndi mkazi wotha kuona nkhono zakufa ali kuseri kwa mapiri asanu.

Atasiya kuseka anati andipatsa chilimwe chimodzi. Pa Obon adzandisiyiranso mathandala onse ndekha. "Mukadzakhudza waya, musadzandidikire, mudzangokwera sitima ya pa doko."

Ndatumiza 9,000. Denga la khola likudontha, muikepo lata lina chipale chisanachuluke.

Wanu,
Tokuichi

18 Ogasiti 1968

Amake Michiyo,

Ndikhulupirira kutenthaku sikunakudwalitseni. Muzimwa tiyi wa balere wambiri, ndipo musamamwete udzu masana. Ine thupi lili bwino.

Obon yatha. Chaka chino kunatentha kuposa chatha, masiku anayi popanda kamtambo ngakhale kamphepo. Tsiku lachiwiri fungo linayamba, ndipo ndinadziwa kuti mbewu ina ikufa. Ndinayenda thandala ndi thandala, manja nditawalowetsa mu lamba kumbuyo. Tsiku lachitatu ndinafika kuseri kwa thanthwe lija, ndinaona timakhanda tina titayasama, ndipo dzanja linatuluka lokha mu lamba. Palibe amene akanaona. Ndinakhala pansi pa thanthwe lotenthalo n'kukhalira manja anga, zenizeni, matako pamwamba pa zikhatho, munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu.

Ndili chikhalire choncho ndinakumbukira uvuni. Ukamata khomo ndi dothi umadikira masiku anayi, mtima ukukuuza kuti suzumira, mwina zazima, mwina zapsereza. Wosuzumira amakolola phulusa. Ndinkawakalipira anthu chifukwa cha zimenezi, ine ndemwe. Kaya nzeru imeneyi ndinaisiya kuti potsika phiri.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zangazi zilibe n'maso omwe, koma ndinamva mawu ake. Madzi atayamba kubwera n'kufika pa mawaya, mathandala onse anayamba kulira timawu tating'ono, thethethe, zikutsegula pakamwa n'kumalavula. Ndinavula chipewa n'kumvetsera mpaka madzi anandifika m'mawondo.

Sindikudziwa kuti yafa yochuluka bwanji. Kwa ine ikuoneka yambiri, ndipo yamoyo ndi yaing'ono, yosaoneka bwino. Bambo Okimoto atabwera anangoyang'ana kutalika kwa mawaya n'kumapita. Chiweruzo ndi mu Okutobala. Mukadzandiona ndikutsika basi ndi bulangete, musadzandifunse pa msewu, tidzakambe m'nyumba.

Mayeni 12,000 ali m'njira. Za munda sindinena kanthu.

Tokuichi

27 Okutobala 1968

Amake Michiyo,

Moni kwa inu, kwa Michiyo, ngakhalenso kwa achimwene anu, ndipo kalata ino muwawerengere pang'onopang'ono. Ine ndili bwino kwabasi.

Bambo Okimoto anayendera mbewu Lachinayi. Sindinavale malaya ochapa ulendo uno. Anayamba thandala loyamba mpaka la makumi awiri, ine ndikuwatsata pambuyo. Kuseri kwa thanthwe anavuula waya okha. Unali woyera, wopanda nyongolotsi, mbewu yake yaing'ono, yakuda, yokhakhala. Anaifinya ndi zala, inakana. Analowetsa nsonga ya mpeni, inakanabe, mpaka mpeni unaterereka n'kuwacheka chala. Anayamwa chalacho akundiyang'ana n'kunena kuti, "Hm." Kenako anatulutsa m'thumba kabuku ka nthawi za kuphwera ndi kudzaza kwa nyanja, kaja kanali ka mkulu wa msana uja, kodzaza ndi zolemba zake za zaka makumi atatu. Anati, "Musakanyowetse."

Dzulo pa khoma la shedi, pamene pamakolowekedwa timatabwa ta mayina, ndapeza kanga. Palembedwa kuti Nagami, wa mbewu. Ndapitapo kanayi ngati ndikufuna chingwe. Amayi awiri aja akuti adzaitanidwa chaka chamawa, mbewu iyi ikadzalowa pa maphaka, ndipo ndinapita ndekha kukawauza.

Mpunga watsopano munatumiza uja mayi Haruno anauphika pamodzi ndi nkhono zoyamba za nyengo ino, tinadya shedi yonse. Anatafuna, n'kutafunanso, n'kunena kuti, "A Makala, mpunga uwu walimidwa ndi munthu." Ndinati ndi wa kwathu, wa munda woumitsidwa mu Julayi mpaka chala kulowa m'ming'alu, ndipo ndinawafotokozera za mizu yonse bwinobwino. Ndinadzitama mpaka bambo Okimoto anati, "Idyani, si inu munalima."

Ndatumiza 16,000. Chijasi chija chinali chikadalipo, ndipo ndayang'anitsitsa, mtundu wake ukukhalani. Ndibwera nacho pa Chaka Chatsopano, pamodzi ndi chitini cha nkhono.

Pali kanthu kena. Kuseri kwa uvuni wanga wakale, pansi pa lata ladzimbiri, pali khasu laling'ono la mpini waufupi. Ndi lija linasowa chaka chimene Michiyo anabadwa, lija tinanamizira wogulitsa nsomba. Ndi limene ndinkatsegulira ngalande. Katengeni, ndi lanu.

Ndine wanu,
Tokuichi Nagami, wa mbewu